Khoma la Kampani ya Malasha

Ine ntchito yanga inali yolemba zikwangwani ku Chiweta: magolosale, mabala, nthawi zina maboti. Adada anagwira ntchito zaka zambiri mumgodi wa malasha kumtunda kuja. Chifuwa chitawagwira, kampani inawauza kuti akapume kunyumba, n'kuwapatsa ambulera. Ambulera! Munthu akulavula zakuda.

Ndiye tsiku lina bwana wa pamgodipo, wamimba ngati thumba la chimanga, anandiitanitsa. Ankafuna chithunzi chachikulu pakhoma la ofesi yawo loyang'ana kumsewu: anthu akusekerera, malole, magetsi, pamwamba mawu oti CHITUKUKO. Ndinati yewo bwana, koma mumtima ndikuti lero mwadzibweretsa nokha.

Ndinatchinga khomalo ndi masaka, n'kunama kuti fumbi la malole lingawononge penti. Mlungu woyamba ndinajambula ndi penti yamafuta, yosachoka ija: bwana ndi chimimba chake chija ali khale m'wilibala akunyambita zala, wokankha wilibalayo ali adada, nthiti zili pamtunda. Itauma ndinapakapo njereza, n'kujambula pamwamba pake anthu osekerera aja ndi utoto wamadzi wa ana asukulu. Patsiku lotsegulira anadula riboni, anthu n'kuomba m'manja. Inenso ndinaomba, mwamphamvu ndithu.

Chotsala chinali mvula yoti itsuke njerezayo. Koma chaka chimenecho inachedwa, ndipo adada ankangotha tsiku ndi tsiku. Ndinkati ndikadzuka n'kuyang'ana kuphiri, n'kumatukwana mitambo. Ndinkaopa kuti atisiya asanaone chimene ndinawachitira, ndipo ndikaganiza zimenezo mtima unkawira.

Mvulayo inagwa Lachinayi lina masana, yamkuntho. M'mawa mwake ndinawakweza adada panjinga, nditawafunditsa bulangete. Tinapeza njereza yonse itatsukika, chithunzi chapansi chija chili poyera, anthu ali mbwee pamsewu, maminibasi ataima, amayi ogulitsa usipa akugwa nako kuseka. Mlonda ankayesa kuphimba khomalo ndi lona, mphepo n'kumaichotsa.

Adada anayang'ana nthawi yaitali, akupuma movutika. Ndinkaganiza kuti andikalipira, paja anali mkulu wa mpingo, wosakonda zachipongwe.

"Iwe," anatero, "mimbayo waichepetsa chomene."

Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, ine nditawagwirira kuti asagwe panjinga. Kampani inatumiza uthenga kuti ndikapepese. Sindinapite, ndipo sindidzapita. Adada tinawaika m'manda mlungu wotsatira, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mimbayo ndinaichepetsadi.