Mphete Zinayi Pansi pa Galimoto ya Wapampando

Eni magalimoto akale mumzinda wa Almaty amakonda kunena kuti chitsulo chilichonse cha m'galimoto ya Porsche chinasulidwa ndi a Porsche. Zolembedwa zimatsutsa: mtundu wa Porsche wa 924 unkapangidwira ku fakitale ya kampani ina, ya Audi, ndipo giyabokisi yake, yomwe imakhala kumbuyo pamodzi ndi difu yogawira mphamvu ku matayala, inali ya Audi.

Sagyndyk Omarov, makaniko wa imvi zakezake, zimenezi anazidziwira m'manja, osati m'mabuku. 924 yake anaitola m'khola la nkhosa ku Talgar, giyabokisi itaphwanyika. Anazula magiya mu Audi yakufa, nawonjezapo difu ya mu Porsche 944 yochita ngozi, ija imakokera matayala onse awiri limodzi pamene lina laterereka. Ntchitoyo inamudyera zaka zisanu ndi chimodzi. Chomwe ankafuna chinali chimodzi: kukwera nawo msewu wa kumapiri pa ulendo wapachaka wa bungwe la eni magalimoto akale. Koma lamulo la bungwelo linkakana galimoto ya ziwalo zachilendo.

Tsiku loyendera magalimoto ulendowo usanachitike, wapampando wa bungwelo, dokotala wa mano Darkhan Esenov, anapukusa mutu ataona ya Sagyndyk.

"Akulu, iyi si Porsche, ndi nyulu. Mayi wina, bambo wina."

"Nyulu ndiye imakwera phiri, adokotala," anatero Sagyndyk. "Nanga yanuyo ndi mfulu?"

"Chichokereni ku Jeremani sinakhudzidwepo."

Sagyndyk sanapemphe chilolezo. Anakweza 924 yofiira ya wapampandoyo ndi jeke, nalowa chagada, napala matope a pa giyabokisi.

"Gwadani muone. Musaope, thalauzalo lichapika."

Darkhan anagwada, anzake akusuzumira pamapewa pake. Pachitsulopo panali mphete zinayi zolowana, chizindikiro cha Audi.

"Ndiye tichotsa zingati pa ulendowu lero?" anafunsa Sagyndyk, akupukuta manja. "Yanga yokha, kapena tiyambire yanuyi? Inu mumaika mano ogula m'kamwa mwa anthu tsiku ndi tsiku. Ndani mwa iwo munamulanda dzina?"

Ena amati dokotalayo anapepesa pomwepo. Mwa amene analipo palibe wotsimikiza. Chodziwika n'chakuti pa 21 Meyi 2011 galimoto ya Sagyndyk inakwera msewuwo, yachitatu pamzere. Mwezi wotsatira bungwe linafufuta lamulolo, ndipo kuyambira pamenepo woyendera magalimoto amayenera kulowa yekha pansi pa galimoto asanagamule.