Chipsera cha Madzibaba Enoki

Ndinaganiza zochoka ku Honde tsiku limene ndinalephera kutembenuza khosi kuti ndione amene akundiitana. Amene anandithira mafuta otentha ndi mwamuna wanga, pakomboni ya esiteti komwe tonse tinkatchola tiyi, kenako anathawira ku Mozambiki. Koma amene anandilumaza ndi Madzibaba Enoki, mkulu wa mpingo wathu wa Apositoli. Analetsa abale anga kunditengera kuchipatala.

"Mpositoli sapita kwa dokotala," anatero. "Msambitseni madzi opempherera."

Bala linapola mokokana, khungu n'kukokera chibwano kuphewa.

Ku Kepitauni ndinapeza ntchito yokolopa pamalo otikita minofu. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo ataona khosi langa anandiuza kuti ndigone pabedi. Kwa miyezi yambiri ankakanda chipseracho ndi zala, kuchinyamula, kuchipotokola, mpaka khungu linalekana ndi mnofu wapansi. Ine kulira, iye osaleka. Tsiku limene ndinacheuka popanda kutembenuza thupi lonse, ndinamupempha kuti andiphunzitse.

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikugwira zipsera za eni ake: opsa ndi moto, ovulala pangozi, amayi obereka mwa opaleshoni. Zala zanga zinafika pozindikira chimene chinacheka munthu iye asananene. Ndalama ndinkatumiza kwathu, koma mauthenga ochokera kumeneko anali amodzimodzi: "Madzibaba akuti ukhululuke." Lamlungu ndinkakhala ndekha m'chipinda, kuyeseza mawu odzamuuza munthu ameneyo. Sindinakhululuke ayi.

Nditabwerera ndinachita lendi kachipinda kogwiriramo ntchito yangayi kukomboni ya Gaza, m'tauni ya Chipinge. Anayamba kubwera ndi azimayi a zovala zoyera a mpingo wathu uja, ena kuchokera ku Honde komwe. Akavula duku kapena bulauzi ndinkapeza zomwezo, mabala opola opanda mankhwala.

Tsiku lina masana, pabenchi yapakhomo pali azimayi asanu odikira, kunalowa bambo wokalamba, wowerama, atagwira pamimba. Anali Enoki. Sanandizindikire.

"Tseka chitseko, Madzimai," anatero. "Pakundikoka apa. Ndinagwera pawaya."

Ndinakweza mkanjo wake. Mzere wowongoka kutsika pamchombo, timadontho ta ulusi uku ndi uku. Chitseko ndinachisiya chotsegula.

"Madzibaba, ndi waya wakuti wodziwa kusoka chonchi? Uwu ndi mpeni wa dokotala. Anakuchitirani kuti opaleshoniyi, ku Mutare?"

"Tsitsa mawu!"

"Ndine Rute, mwana wa a Banda a kufakitale ya tiyi. Khosi ili mukulikumbukira?"

Anafuna kudzuka, koma ndinamukhazika ndi chala chimodzi pachipserapo. Ndinamutikita bwinobwino monga ndinaphunzirira, pakuti ntchito yanga sindiiwononga chifukwa cha munthu. Koma chilichonse chimene zala zinapeza ndinachinena mokweza: pamene anacheka, pamene anasoka, pamene panadutsa paipi yotulutsa mafinya. Thukuta linali kamukamu pamutu wake wometa. Ine mtima unali mbee.

Ndinkayembekezera kuti pabenchi pabuka phokoso. Koma ayi. Enoki atatuluka chozyolika, mayi wina wachikulire, wamkono wopindika ndi moto, anandiyang'ana.

"Timadziwa kale, mwana wanga," anatero. "Chakudya kuchipatalako tinkamupititsira ndife, mosinthana."

Ine ndinabwera ndi mkwiyo wokwanira munthu mmodzi. Ndinawayang'ana onse asanu, mmodzimmodzi. Kenako ndinasamba m'manja.

"Wotsatira alowe," ndinatero.