Nalimata wa a Sorbello

A Noelene Sorbello anasankha nthochi pashedi kuno ku Innisfail kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero chinthu ukawapatsa amayamba achiyesa kulemera m'manja asanamve zimene ukunena. Ine ndayandikana nawo nyumba chibwerere mumsewu uno. Sindinawamvepo akuyamikira munthu, galu, kapena nyengo.

Amuna awo, a Alfio, ankayendetsa chimakina chodulira nzimbe. Chaka chatha anagwidwa ndi sitiroko, dzanja lamanzere linafooka, lilime linalemera, laisensi n'kulandidwa. Chitulukireni m'chipatala ankangokhala pakhonde kuyang'ana mvula, ndipo mvula kuno sisowa. Dokotala ananena mosabisa kuti munthu akazolowera mpando umenewo sadzukanso. A Noelene anachita mantha, ngakhale kwa ine anangoti bamboyo akuwathera khonde.

Mwana wawo Gina atabwera kuchokera ku Brisbane pa Isitala, anawalumikizira kompyuta yamasewera, yokhala ndi sewero lolima ndi kukolola, n'kumangirira chiwongolero patebulo. Chinthu chimodzi chokha anawasiyira bambo ake kuti asankhe okha: pawa sapulayi, kabokosi kamene kamatenga magetsi pakhoma n'kugawira ziwalo zonse za kompyuta. A Alfio anasankha ngati akugula thirakitala. Analoza nambala yaikulu kuposa zonse, mawati 1,200. Kabokosiko kanali kokongola, komanso kachete, chifukwa fani yake inkaima ntchito ikachepa.

Kwa masiku asanu ndi anayi pakhonde panalibe munthu. Tsiku lakhumi tinamva kuti phu, kenako fungo. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma m'kabokosi muja munali nalimata, atauma gwa. Anapeza malo ofunda, amdima, opanda chomusokoneza, n'kuponda pamene sapondapo.

A Alfio anabwerera pampando wawo. Sanadandaule, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa ine.

Lachisanu a Noelene anandiuza kuti ndiwaperekeze kushopu ya makompyuta ku Cairns. Nalimata uja anamuika m'botolo la jamu, ndipo mayina a ziwalo za kompyuta anawalemba kuseri kwa envulopu. Mwini shopu, bambo wandevu zoluka, anawerenga envulopuyo n'kunena kuti khadi la zithunzi ndilo limadya kwambiri, koma zonse pamodzi sizingapitirire mawati 450. Anati 750 ndi yokwanira, ndi malo opumira omwe. Za 1,200 zija anati kunali kutengera sikono imodzi pa lole. Anayala mabokosi atatu pakauntala n'kuyamba kufotokoza za zizindikiro zagolide ndi zaka za chitsimikizo.

A Noelene ananyamula lililonse. Lopepuka analikankhira pambali, ndipo mwini shopu anavomera kuti lomwelo nayenso sangaike m'kompyuta yake. Kenako a Noelene anafunsa ngati fani imaima.

"Imaima, mayi. Zabwino zonse masiku ano zimaima. Simumva kanthu, zii."

Anatulutsa botolo lija n'kuliika pakauntala.

"Uyunso sanamve kanthu."

Bamboyo anayang'anitsitsa nalimatayo kwa nthawi ndithu. Anafunsa kumene timakhala, ndipo atamva kuti ku Innisfail anangogwedeza mutu ngati wamva za maliro. Anatembenuza bokosi limodzi n'kutionetsa kabatani kumbuyo: ukakadina, fani imazungulira nthawi yonse kompyuta ikayaka. Anachenjeza kuti phokoso lidzamveka, ndiponso kuti kompyuta ikazima fani imaima basi, batani kapena ayi.

"Phokoso ndakhala nalo pabanja zaka makumi anayi, achimwene. Chete ndi amene wandivuta chaka chino. Kulungani limenelo."

Kunyumba analumikiza okha, Gina akuwalangiza pafoni, ine nditagwira tochi ngati wanzeru. Zingwe zakale anazitaya zonse chifukwa mwini shopu anati zamabokosi osiyana sazisakaniza. Mabowo onse a kompyuta anawatchinga ndi neti ya pawindo, kenako anazungulira ndi chotokosera m'mano kufuna mpata. Anapeza iwiri, n'kutukwana amene anapanga kompyutayo ndi mtundu wake wonse.

Atayatsa, fani inalira. Silinali phokoso lalikulu, koma pakhonde linkafika. A Alfio sanacheuke. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. A Noelene sanawanyengerere, chifukwa kunyengerera sadziwa. Ankangoyatsa m'mawa uliwonse sikisi koloko, nthawi imene makina amalowa m'munda, n'kusiya chitseko chapakhonde chotsegula, munda wa pasikirini uli chiimire osadulidwa. Ine ndinawauza kuti akungowononga magetsi. Anandiyankha kuti ndisamale za kwanga.

Tsiku lachinayi ndinapita kukabwereka makwerero cha m'ma teni. Ndinapeza a Alfio ali patebulo, dzanja lamanja pachiwongolero, lamanzere atalikweza okha n'kuligoneka pambali pake. Mzere umene ankadula unali wowongoka kuposa msewu wathu. A Noelene analowa ndi tiyi ndi mabisiketi awiri n'kuima pambali pawo.

"Madala inu, tiyi."

Sanachotse maso pasikirini. Mawu anatuluka movutikira, limodzilimodzi, koma tonse tinawamva.

"Ika pompo. Ndimalize mzere."

A Noelene anaika kapu ija, natuluka nane kukatenga makwerero. Tili kuseri kwa nyumba anaima, n'kupukuta m'maso ndi epuloni. Misozi yawo ndinali ndisanaionepo, ndipo yanganso inalengeza.

"Munthu wake ndi yemweyu," anatero. "Zaka zonsezi tiyi wanga wakhala akuzizirira m'mphepete mwa munda. Wamwano bambo ameneyu."

Anandipatsa makwerero, n'kubwerera m'khitchini kukaikanso ketulo pamoto.