Ngolo Inabwerera Panjira

Linali Lachitatu la Phulusa, nthawi itangokwana 11 koloko m'mawa, pamene achimwene anga anaimitsa ng'ombe titangowoloka dambo, n'kuvula chipewa. Ine ndinali m'ngolo, mutu wa mwana wanga wamkazi uli pamiyendo panga. Ndinali nditadziwa kale, koma sindinafune kuti woyamba kunena ndikhale ine. Denga la chipatala linkaoneka patali, kuseri kwa mabulugamu. Achimwene anayang'ana dengalo, anandiyang'ana ine, kenaka anatembenuza ngolo. Kwathu timatero. Munthu akatisiya panjira sitipitirira naye, timabwerera naye kumudzi kuti abale ake akamulire.

Mwa ana anga onse, iyeyu ndi amene anapita patali ndi sukulu. Ine ndinalekera sitandade 4, bambo ake anamwalira iye ali ku sekondale, koma fodya ndi mtedza zinamufikitsa pomwe ankafuna. Analembedwa ntchito pa pulojekiti ina ya boma, ofesi yake ili m'tauni. Anzanga kutchalitchi ankandifunsa ngati ndi namwino, ine n'kumati ayi. Dokotala? Ayinso.

"Nanga amatani?"

"Amawerenga anthu."

"Ngati mbuzi, eti?" ankatero akuseka, inenso n'kumaseka nawo chifukwa sindinkadziwa zambiri.

Chomwe ndinkadziwa bwino ndi chakuti sabata yoyamba ya mwezi uliwonse amabwera. Ankazungulira m'zipatala zing'onozing'ono kuyambira ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma, kutolera malipoti a ana obadwa, ana a kusikelo, amayi oyembekezera, okalamba olandira thandizo la boma, ndi anthu omwalira. Mudzi wathu uli chapakati pa Nsaru ndi Kabudula, choncho galimoto yawo yoyera inkaima pamphambano, iye n'kutsika kuthamangira kunyumba. Asanandipatse n'moni yemwe ankavula nsapato, n'kuponda dothi la pabwalo ngati munthu amene mapazi ake anali m'ndende. Akatero ankakhala pamkeka, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, mwaondatu. Ndikakulembani pa ana onyentchera, muzilandira chiponde."

"Ukalembe kuti amayi ako akusowa mdzukulu. Mankhwala ake ndi amenewo."

"Pamenepo palibe malo ake papepala."

Sankakhalitsa. Dalaivala ankaliza hutala kumphambano, iye n'kunyamuka chimanga chowotcha chili kukamwa, nsapato m'manja. Akapita ndinkatsala ndikuyang'ana mapazi ake pafumbi, ndipo tsiku limenelo sindinkasesa pamenepo.

Ulendo wina galimoto inawonongeka, ndiye anaswera tsiku lonse. Tinkasenda mtedza pakhonde. Ndinamufunsa kuti manambala akewo amathandiza ndani, popeza munthu akafa wafa, ngakhale umulembe kakhumi. Sanakwiye. Anatapa mtedza n'kuunjika mulu umodzi kumanja.

"Awa amwalirira kuchipatala. Anamwino awalemba."

Anaunjika mulu wina kumanzere.

"Awa amwalirira kumudzi. Mlangizi wa zaumoyo akamva, awalemba."

Kenaka anatenga kamtedza kamodzi n'kukaika pakati, pansi penipeni.

"Nanga ameneyo?" ndinafunsa.

"Ameneyu wamwalirira panjira. Achipatala akuti sanafike kwa iwo. Akumudzi akuti anapita kuchipatala. Ndiye ku boma kumaoneka ngati palibe amene wamwalira, njira ili bwinobwino, ambulansi sikufunika. Amene amandisowetsa mtendere ndi amenewa, amayi."

Asanamalize n'komwe, nkhuku inabwera n'kujompha kamtedza kaja. Tinaseka mpaka misozi. Iye anati, "Mwaona? Ndi momwe amasowera."

Anadzakwatiwa ndi mphunzitsi wina wofatsa, amene ankagwira ntchito kutali. Mwana wawo woyamba anabadwira kuchipatala m'tauni, wamkazi, ndipo mwana wanga atatuluka anabwera naye kwa ine kuti ndimusamalire ali pa tchuthi. Masiku amenewo ndi amene ndimawakumbukira kwambiri. Kunalibe hutala. Ankadzuka mochedwa, ndinkamufunditsira madzi osamba, n'kumuphikira nkhwani wotendera monga ankakondera ali mwana. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, ife tili m'nyumba kukangana kuti khandalo lafanana ndi ndani. Iye ankati mphuno ndi yanga, ndipo ankalipepesera khandalo chifukwa cha zimenezo.

Kenaka mapazi a mwana wanga anayamba kutupa. Mutu unkamupweteka, koma ankati ndi tulo tosakwana. M'mawa wa Lachitatu lija ndinafuna kukhala naye pakhomo, iye anandikankha.

"Pitani kutchalitchi, amayi. Mukandibweretsereko phulusa, nanenso ndine wochimwa."

Pobwera ndinapeza anthu pakhomo. Anali atagwa, akunjenjemera thupi lonse, mayi wina woyandikana nafe atanyamula khanda. Tinaimba foni kuitana ambulansi, koma dambo linali litadzaza ndipo galimoto sikanawoloka. Panjinga yamoto sakanatha kukhala. Achimwene anamanga ng'ombe, anazithamangitsa mpaka thovu kukamwa. Zotsatira zake ndanena kale. Pobwerera paja ndinapukuta phulusa la pamphumi panga ndi chala, n'kumudzoza pake, popeza anandituma.

Pa maliro anzake a kuntchito anabwera. Galimoto yoyera ija anaisiya kutsidya, n'kuwoloka dambo nsapato zili m'manja. Anayankhula zabwino zambiri. Titachoka kumanda ndinakokera pambali mtsikana wina amene ankakhala naye ofesi imodzi, yemwe ndinkamudziwa chifukwa nthawi zina ankabwera limodzi.

"Mwana wanga, kodi mwamulemba?"

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anamvetsa chomwe ndinkafunsa, n'kuweramitsa mutu.

"Amayi, ife ku ofesi sitilemba tokha. Timangolandira zochokera kumunsi. Lipoti liyenera kuyambira kwa mlangizi wa mudzi uno, lidutse kuchipatala chanu, lifike kwa ife."

Mlangizi wathu anali atasamutsidwa Khirisimasi isanafike, ndipo wina anali asanabwere. Ndinaona pomwepo kuti mwana wanga wasanduka kamtedza kaja. Anthu ochuluka chonchi amulira, a ku ofesi yake yomwe amunyamulira bokosi, koma m'manambala amene ankawasamala ngati ana ake munalibe iye.

Titameta, ndinauza achimwene kuti ndikupita kuchipatala kukanena. Anayamba kuthyolathyola kamtengo m'manja.

"Alongo, zisiyeni izi. Anthu amenewo adzabwera ndi mafunso. Munachedweranji, munamumwetsa chiyani, munabwereranji chipatala mukuchiona. Mukufuna anthu azidzati tinamupha ndife?"

Sanali munthu woipa. Ngolo anatembenuza ndi iwo, ndipo ndinkadziwa kuti zimenezo zinkawalemera mumtima.

"Achimwene, munachita zomwe aliyense wa kuno akanachita. Akafunsa, woyankha ndine. Dzina lanu silituluka pakamwa panga."

"Ndiye akamulemba adzauka?"

"Sadzauka. Koma ndi ntchito yake, ndipo palibe wina woimaliza."

Anadzuka n'kuchoka. Koma m'mawa mwake ndinawapeza ataima pa dambo, atapinda buluku, kuti andigwire dzanja powoloka. Atandiwolotsa anabwerera.

Ndinafulumira chifukwa mwezi unali kutha, ndipo mwana wanga ankakonda kunena kuti lipoti lochedwa lili ngati mbewu yodzala mvula itatha. Khanda ndinalisiya ndi mkulu wake wa malemu. Kuchipatala ndinafunsa mkulu wa alangizi a zaumoyo, ndipo anandilowetsa m'kachipinda kodzaza mapepala. Nditafotokoza kuti ndine ndani, anaika cholembera pansi.

"Ndinu amayi ake a mayi athu a malipoti aja? Amene aja ankatikalipira tikachedwetsa. Foni ikalira kumayambiriro kwa mwezi tinkakankhirana kuti yankha ndiwe."

Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anatenga pepala n'kuyamba mafunso, omwe aja ananena achimwene. Mutu unayamba liti, mapazi anatupa liti, tinanyamuka ndi chiyani, dambo linali bwanji. Ndinayankha onse. Sanandidzudzule, ankangolemba. Atafika pofunsa kuti anamwalirira kuti, ndinati, "Panjira. Mulembe bwino pamenepo, abambo. Panjira."

Ndinapempha kuti andionetse pomwe alowe m'lipoti la mwezi. Anandilozera kabokosi kakang'ono, mkati mwake muli kamzere kamodzi kowongoka. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Mwana amene ndinamubereka, ndinamulimira fodya, amene ankavula nsapato pabwalo panga, anakwana m'kamzere kameneko. Zinandipweteka, komabe pobwerera kunyumba miyendo inali yopepukirako.

Sabata yoyamba ya mwezi wotsatira ndinamva galimoto ikuima pamphambano. Ndinaimirira msanga mpaka lichero linagwa, ndisanakumbukire. Anali mtsikana mnzake uja. Anakhala pamkeka, ananyamula khanda, n'kunena kuti, "Lipoti lija lafika, amayi. Ndalilowetsa ndine mu kompyuta." Ndinamuwotchera chimanga, anadya mwaulemu, nsapato osavula. Ndi mwana wabwino, ndipo mpaka lero akamadutsa amaima, koma sakhala ngati mmene ankakhalira wanga uja.

Dambo likadali momwemo, ndipo mvula ikakula galimoto siziwoloka. Sindikudziwa ngati kamzere kaja kanaonedwa ndi munthu amene angasinthe kanthu. Mlangizi watsopano anabwera, amakhala mudzi wachiwiri kuchokera kwathu. Mdzukulu wanga tsopano akuyenda, ndipo nsapato sazifuna, ukamuveka amavula.

Mwezi uliwonse ndimapita naye kusikelo. M'mudzi muno mukabadwa mwana, kapena munthu akamwalirira kunyumba kaya panjira, ndimadikira maliro athe, kenaka ndimavala chitenje changa n'kupita kukauza mlangizi.