Zitsekerero Zitatu za a Gregorio

A Gregorio anafika kwathu kuno kufupi ndi Nkando nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, sipanala m'thumba, akazi awo a Benedita pambuyo. Anzawo atabwerera kwawo mu 1994, iwo anatsala. Akuti madzi otsika m'phiri la Mulanje anawakomera, ndipo mpaka lero ndiwo amakonza mapaipi athu.

Bambowa sagwirizana ndi pepala lalikulu. Ukawafotokozera vuto, amapempha lichero n'kuyalamo zitsekerero za mabotolo. Chimene sichikwana m'lichero amati sangachitsimikize. Ine, pokhala mlembi wa komiti ya madzi, ndinkaona ngati akuchita masanje.

Chaka china mpope wa kuchitunda unayamba kuuma Lachinayi lililonse. Anthu analoza chala mayi Eneles, amene amatsegula ndi kutseka mavalavu ogawira madzi. Ankati akukondera abale awo a kumsika. Tinaitanitsa msonkhano woti tiwachotse ntchito mayiwo, ndipo ine ndinabwera ndi mapu amene ndinajambula sabata yathunthu: mipope makumi awiri ndi isanu ndi umodzi, nyumba, tchalitchi, ngakhale mitengo ya mango. Ndinkanyada nawo kwambiri. Tinawayang'ana mpaka maso kuwawa, koma vuto osalipeza.

“A Mlembi,” anatero a Gregorio, “mangowa akumwa madzi a m'paipi?”

Anthu anaseka. Ine ayi.

Anatenga lichero la a Benedita n'kuikamo zitsekerero zitatu zokha: cha valavu ya kusukulu, cha ya kumsika, cha ya kuchitunda. Chogadamitsa ndiye kuti potsegula, chovundikira ndiye kuti potseka.

“Zitatuzi zingakhale m'njira zisanu ndi zitatu basi. Mapu anuwo tingafe tisanamalize kuyesa. Izi timaliza dzuwa lisanapendeke.”

Tinayendadi nawo, mayi Eneles akupotokola mavalavu monga mwa lichero, ife tikuthamangira kuchitunda kukaona mpope. Valavu ya kuchitunda ikatsekedwa, mpope unkauma, zosadabwitsa. Ikatsegulidwa yokha, madzi phwaa! Ikatsegulidwa pamodzi ndi inzake imodzi, madzi ankabwerabe. Koma onse atatu atatsegulidwa, mphamvu inathera kumunsi, kuchitunda kunangomveka mpweya.

“Puronto! Basi, tapeza!” anakuwa a Gregorio. “Tsono ndi tsiku liti limene mumatsegula onse atatu, mayi?”

Mayi Eneles anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kapepala kothaitha. “Lachinayi. Ndimangotsata ndandanda imene anandilembera a Mlembi.”

Dzanja linali langa, siginecha yanganso. Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. A Gregorio sanandinyoze. Anangovundikira chitsekerero cha kusukulu n'kunena kuti Lachinayi ana a sukulu azitungiratu m'mawa, masana madzi azikwera.

Lachinayi lotsatira mpope wa kuchitunda unalavula madzi mpaka matope. Mayi Eneles anakhalabe pa ntchito yawo, ndipo komiti inagamula kuti ndowa yoyamba ndisenze ine kukatula pakhomo pawo. Ndinasenza, bambo wamkulu ndevu pepeya, amayi akundiimbira nthungululu njira yonse. Ndinafika nditanyowa mpaka nsapato, theka la madzi litatayika.

Mayi Eneles anasuzumira m'ndowamo n'kuseka. “Pepani yanu ndailandira, a Mlembi. Koma ndowayi sinadzaze. Bwererani.”

Ndinabwerera, ndikuseka ndekha.