Amayi Atakana Kutuluka M'chipinda ku China

Ndikukumbukira kuti Atate anakwera ndege koyamba imvi zitayamba kale, ngakhale kuti pabwalo la ndege la Mfuwe panali ngati pakhomo pawo. Ntchito yawo inali yoonetsa alendo nyama pa kampu ina ya ku Nkwali, m'mbali mwa Luangwa. Ankawalandira alendowo akamatsika, n'kuwanyamula pa galimoto yopanda denga ija, ndipo masiku awo akatha ankawabwezera pomwepo. Ndege ankazidziwa ndi kulira komwe, koma m'kati mwake anali asanapondemo.

Amene anatikweza ndi mlongo wanga wamkulu, Masauso, yemwe boma linamutumiza ku China kukaphunzira zomanga milatho. Anatiitana atatu, Atate, Amayi ndi ine chitsirizira, ndili ku pulayimale. Tinasankha dzinja chifukwa ndi pamene makampu ambiri amatseka, misewu ikasanduka phala. Masauso anatichenjeza kuti kumeneko kudzakhala kukuzizira, ndipo Amayi anapita ku Chipata kukagula majekete pa salaula, pa msika wa zovala zovalidwapo kale. Ife anthu a kuchigwa, ozolowera kutentha koti ngakhale galu amachita ulesi kuuwa, tinkaganiza kuti kuzizira kwake ndi kwa mu Juni basi.

Titatuluka m'bwalo la ndege la ku Beijing, mphepo inandimenya kumaso mpaka misozi inatuluka yokha. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi wa fodya. Mitengo yonse ya mumsewu inali yopanda tsamba, ndipo Atate anaimitsa ulendo kuti akande khungwa la umodzi, aone ngati uli moyo. Anati ukufanana ndi tsanya wa mu Okutobala. Chakudya chinali nkhondo ina. Timitengo tiwiri timene amadyera kumeneko tinkandipulumuka m'manja, moti Masauso ankachita kundipemphera supuni. Amayi anapeza mtendere tsiku limene anaona bambo wina akuwotcha mbatata mu diramu pakona ya msewu. Anagula ziwiri, imodzi yodya, ina yongofumbata kuti zala zimve kutentha.

Masiku oyambirira tinayenda mpaka mapazi anatupa. Tinaona nyumba zofiira za mafumu akale, mabwalo ake aakulu kuposa munda wathu wa thonje, ndi nyanja youndana gwaa ndi kuzizira imene ana ankaseweretsapo timipando totsetsereka. Koma paliponse pamene tinkaima, anthu ankatiyang'ana. Ena ankamwetulira n'kudutsa. Ena ankatulutsa makamera. Ine ndinkasangalala nazo, ndisaname, ndipo ndinkaimika zala ziwiri monga ndinkaonera ana akumeneko. Atate ankangoseka kuseka kwawo kwa kuntchito, kuja kopatsa alendo. Amayi okha ndi amene ankakoka mpango wawo kuutsitsira kumaso.

Zinafika pachimake tsiku limene tinapita kumalo osungira nyama. Atate ankafunitsitsa kuona panda, chinyama chonenepa chija chakuda ndi choyera chimene chimadya nsungwi, kuti akapeze chowauza anzawo ku kampu. Tinachipeza chili gone kuseri kwa galasi, chitatipatsa msana. Anthu anali atadzaza, makamera ali m'manja, koma chojambula panalibe. Ndiye wina anatembenuka n'kutiona ife.

Posakhalitsa khamu lonse linali litafulatira panda uja. Mayi wina anandigwira tsitsi langa loluka, n'kumaitana mnzake kuti naye adzakhudze. Mwamuna wina anakankhira mwana wake pambali pa Amayi n'kubwerera m'mbuyo kuti ajambule bwino, osanena kanthu kwa iwo. Sindikhulupirira kuti panali wankhanza pamenepo. Nkhope zawo zinali za chimwemwe, ndipo agogo ena anandiika siwiti m'thumba. Ambiri anali ochokera kumidzi yakutali, alendo mumzindawo ngati ife tomwe, ndipo munthu wakuda anali asanamuonepo. Koma Amayi anaima chilili, manja ali m'jekete la salaula lija, maso ali pansi.

M'mawa mwake linali tsiku lopita ku Khoma Lalikulu, lija limayenda pamwamba pa mapiri. Ndilo Masauso ankalinena m'mafoni ake onse, kuti Amayi sadzamwalira asanaliponde. Galimoto inali itapezeka, ndipo mawa lake tinali kubwerera kwathu. Amayi anadzuka, anasamba, anavala, n'kukhala pabedi.

"Pitani," anatero. "Ine ndisunga katundu."

Masauso anagwada pambali pawo. "Amama, galimoto ibwera eyiti koloko. Ndakuitanirani chimenechi. Anthu aja sakunyozani, angodabwa chabe."

"Adabwe ndi anzawo. Ine sindine njovu."

Ndinamumvera chisoni mlongo wanga. Zaka zonsezo anakhala yekha kudziko la eni, akudya zosazolowera, akulota tsiku limeneli, ndipo tsopano maso ake anali atafiira. Atate anayesa kulowererapo ndi mawu awo ofatsa a kuntchito.

"Amake Masauso, mlendo salimbana ndi eni mudzi. Chithunzi sichiluma. Mungomwetulira, adutsa."

Amayi anawayang'ana m'maso. Sanakweze mawu, ndipo mwina n'chifukwa chake ndimawakumbukirabe.

"Ndi zimene mumatiuza pamjigo zimenezo. Mumabwera ndi galimoto yanu, n'kuima pamene tikutunga madzi, alendo anu osatsika, osapereka moni. Ife tili ndi zitenje zonyowa, ana ali mbulanda, iwo khethe khethe ndi makamera. Inu muli pa chiwongolero mukuti mwetulirani. Ndakuuzani kangati? Dzulo mwaona mmene zimakomera, mwana wanu akumugwira tsitsi ngati mbuzi ya pamsika."

Ndinkadziwa galimoto imeneyo. Ife ana tinkaithamangira, ndipo ndinkanyadira kuti woyendetsayo ndi bambo anga. Sindinkadziwa kuti Amayi akaimva ikubwera ankasiya ndowa pamzere n'kukabisala kuseri kwa mtengo wa mango.

Atate anapita pawindo n'kumayang'ana magalimoto pansi, ndipo m'chipindamo munangomveka kulira kwa chipangizo chotenthetsa mpweya. Pomaliza anatembenuka.

"Ndinalakwa, Amake Masauso. Ndinkaona ngati ndi zazing'ono."

Anatenga chipewa chawo cha kuntchito, chimene anakana kuchisiya ngakhale kunali kozizira, n'kuchivala pamwamba pa chisoti cha ubweya.

"Tiyeni. Lero wokujambulani ayambe wadutsa kwa ine."

Amayi anawerama n'kuyamba kumanga nsapato. Masauso anatuluka msanga m'chipindamo, akuti akukaona galimoto.

Tinakwera khomalo mmene Atate ankayendetsera alendo wapansi m'tchire, mondondozana, iwo patsogolo, Amayi pambuyo pawo, ine, ndipo Masauso kumapeto. Masitepe ake anali osalingana, ena ofika m'bondo, ndipo m'makona munali chipale chofewa chimene ndinachilawa mobisa. Wina akakweza kamera, Atate ankakweza dzanja monga amachitira akaona njati, ndipo Masauso ankafotokoza m'chinenero chawo kuti mayi athu akupempha kuti muyambe mwawapatsa moni. Ena ankachita manyazi n'kutsitsa kamera. Ena ankadutsa akung'ung'udza. Koma ambiri ankabwera, n'kuwerama pang'ono, n'kufunsa kumene tachokera.

Pamwamba, pa kanyumba ka alonda akale, tinapeza mayi wina wachikulire atakhala pansi akupuma wefuwefu ngati Amayi. Analibe kamera. Anasendera kuti Amayi akhale, n'kuwathirira madzi otentha m'chivundikiro cha fulasiki yake. Kudzera mwa Masauso anafunsana za ana, za maondo, ndi za chimanga, popeza nayenso anali mlimi. Amayi anamuphunzitsa kunena kuti muli bwanji, ndipo mmene anatchulira anaseka onse awiri mpaka kutsokomola. Kenako Amayi anaitana Masauso.

"Tijambule ndi mnzangayu. Khomalo lionekenso."

Anaima, n'kukonza mpango, ndipo anayang'ana mapiri aja atandondozana mpaka kumene maso amalekezera. Anamugwira Masauso pamkono n'kumuuza kuti wachita bwino kuwabweretsa.

Titabwerera kwathu mvula inali isanathe. Anthu ankabwera kudzamva za ndege ndi za panda, ndipo Atate ankafotokoza mokometsera, ngakhale kuti anangoona msana wake. Koma m'mawa wina anavala malaya a kutchalitchi n'kupita wapansi kumjigo, ine ndili pambuyo ndi chigubu. Anavula chipewa pamaso pa amayi onse a pamzere n'kupepesa. Anati kuyambira tsopano galimoto izidzaima patali, alendo azidzatsika, azidzapereka moni, ndipo wosafuna kujambulidwa azidzanena. Ndiye amayi ena achikulire, a Nyasakala, anatula ndowa yawo.

"Zikomo, a Mwale. Koma mpaka ku China kuti mukamve zimenezi? Akazi anu akhala akunena pompano."

Amayi onse anaseka, ndipo Atate anaseka nawo, akupukuta thukuta pamphumi.

Masiku ano zinthu zinasintha. Alendo ochokera ku China amafika okha ku Mfuwe, ndipo anyamata amene Atate anawaphunzitsa ntchito amawatsitsa pagalimoto asanalowe m'mudzi. Kamera siyachilendonso, ili m'thumba la aliyense, ndipo tsopano ndife tomwe timajambulana osapempha, pamaliro, pangozi, ngakhale munthu akudwala pachipatala. Sindikudziwa ngati pamenepa tapita patsogolo. Atate anatisiya, Masauso akumanga milatho yake kutali, ndipo Amayi akalamba, maso ayamba kuchita mdima. Adzukulu awo akabwera ndi mafoni amadziwa lamulo la pakhomopo. Amagwada kaye, amafunsa mmene agogo adzukira, n'kudikira yankho lonse, la maondo ndi la msana lomwe. Masiku ena Amayi akamaliza amakonza mpango n'kukhala tsonga. Masiku ena amangoti lero ayi, ndipo foni imabwerera m'thumba.