Timizere Takuda Pansi pa Chithunzi

Chaka chimene ndinavinidwa chinamwali, anamkungwi anatitengera kuphanga kukationetsa zojambula zoyera za pathanthwe. Chilichonse chinali ndi nyimbo yake ndi tanthauzo lake. Pomaliza anatikoka makutu: woulula tanthauzo pamaso pa amuna kapena ana, mayi ake amafa. Ine ndinali wamafunso ngati mwana wa mlendo, koma apa ndinasoka pakamwa.

Masiku omwewo ansembe anali atangomanga tchalitchi cha udzu ku Bembeke, ndipo achimwene anga ankaphunzira kuwerenga kumeneko. Tsiku lina ndinawalondola. Pakhoma panali chithunzi cha mayi atafungatira mwamuna wakufa, ndipo pansi pake panali timizere takuda tondondozana ngati nyerere. Ndinafunsa kuti n'chiyani.

"Ndi mawu amenewo," anatero achimwene. "Amanena tanthauzo la chithunzichi."

Ndisanawagwire pakamwa, analoza ndi chala n'kuyamba kutchula mokweza, amuna ali pomwepo, ana ali pomwepo! Ndinatseka makutu n'kuliyatsa liwiro. Ndinkaopa kuti ndikapeza maliro kunyumba.

Amayi ndinawapeza akupalira mbatata, ali bwinobwino. Ndinawafotokozera ndikulira. Sanandiseke. Anasamba m'manja nati tiyeni, tikaone chimene chikufuna kundiphacho.

Anaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzicho, achimwene akungopotokola zala pambali.

"Tawerenga timve," anatero amayi.

"Akuti: Mayi wachisoni."

"Basi?"

"Basi, amayi."

"Nyerere zonsezi kungonena zimenezo? Ngakhale wakhungu angadziwe."

Kenaka analoza dzanja la mayi wa pachithunziyo. Ine ndinali ndisanaliyang'ane, maso anga anali pa timizere paja. Dzanjalo linali pachifuwa cha wakufayo, zala zitatambasuka.

"Ichi analemba?"

Achimwene anayang'ananso timizere tija, napukusa mutu.

"Akufufuza ngati mtima ukugundabe," anatero amayi. "Akudziwa kuti wapita, koma dzanja silimva."

Apo ndinakumbukira mng'ono wanga amene tinamuika dzinja lapitalo, ndi mmene azakhali analimbanirana ndi dzanja la amayi kuti alichotse pa kachifuwa kake. Ndinayambanso kulira.

Potuluka amayi anandigwira paphewa.

"Pukuta misozi, sindifa ayi. Mwambo wa chithunzi chija sanaulembe. Amaudziwa ndi amene anavinidwa ndi maliro a mwana wake."